Madzi a Sopo m'Galimoto ya Ajibu

Ana inu, mumandiseka kuti agogo akakhala pakhonde amangoyang'ana anthu ngati akuwerenga mbuzi za eni. Esinati anafika pondifunsa ngati mawu ndimachita kugula kumsika kuti ndiziwaumira chonchi. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala silindiyang'ana kumaso. Muwerenge nonse, ngakhale iwe Limbani amene ukaona zolemba zopitirira tsamba limodzi umayamba kuyasamula.

Mukudziwa kuti mwendo wanga wamanzere ndi waufupi, ndipo munamva kuti unathyoka pangozi ya galimoto ya mpikisano. Munamvanso zimene anthu akuno amanena, zoti woyendetsa wake, Ajibu, anali munthu wachibwana amene anadzipha yekha ndi liwiro. Zimenezo si zoona. Ine ndinali pampando wa pambali pake, ndipo chimene chinamupha ndinachiona m'mawa wa tsiku lomwelo, galimoto isanachoke pagalaja. Sindinanene.

Ndiyambire kwa agogo anga, apo ayi simumvetsa. Amayi ndi abambo anatsatizana kumanda ine ndisanayambe kusunga nkhope za anthu, ndipo anandilera ndi amayi awo a amayi anga, kwa Mkhumba. Iwo anachokera ku Mozambiki ali mtsikana. Abale analibe, ndipo munda umene tinkalima unali wobwereka. Sanali munthu wa nthano kapena nyimbo. Akafuna kuti mawu andilowe ankalankhula Chilomwe, ndipo amene ankabwereza kawirikawiri anali akuti, "Iwe ulibe amalume okakuyankhulira pabwalo. Ukaona chinthu, chione, ubwere nacho kuno kunyumba." Ine ndinkabwera nazodi. Ndinkadziwa amene wagwira nkhuku ya mnzake, amene wasuntha malire a munda. Agogo ankamvetsera, n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Umu ndi m'mene tinakhalira pamudzi wa eni osathamangitsidwa.

Agogo ankagulitsa kalongonda wophika. Inu mumadandaula nyemba zikakhalitsa pang'ono pamoto. Kalongonda ankamutereka mbandakucha, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ukamufulumizitsa amazunguza mutu. Nkhuni zake ndinkasenza ine kuchokera m'mphepete mwa phiri. Tsiku lotsatira tinkapita naye pamsika, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi galaja ya a Makhwira. Agogo akamayeza ndi kambale, ine maso anali kugalajako.

A Makhwira anali munthu wamfupi wa manja akuluakulu, amene anaphunzira ntchito pokonza malole a kuesiteti ya tiyi. Tsiku lina anataya kanati kakang'ono, ndipo anafunafuna akutukwana mpaka thukuta. Ine ndinadzuka, n'kukaloza pansi pa tayala lakutha pamene ndinakaona kakugubuduzikira. Anandiyang'ana, n'kutembenukira kwa agogo. "Mayi, mwanayu ali ndi maso. Pakamwa alipo?"

"Pakamwa n'podyera," anatero agogo.

"Ameneyo ndiye ndikumufuna."

Anandiphunzitsa zonse. Kumvera injini ndi kamtengo ka nsungwi, mbali ina painjini, ina kukhutu, mpaka kudziwa chimene chikugogoda m'kati usanamasule kalikonse. Kudula gasiketi pachikatoni. Kusema zidutswa za tayala lakale kuti zilowe m'malo mwa labala amene watha. Amakaniko ako a njinga zamoto, Limbani, ntchito yawo ndi kuchotsa chakale n'kuika chatsopano cha m'pepala, ndipo akamaliza amapukuta m'manja ngati achita zazikulu. Ife chatsopanocho tinalibe. Ndinkadya pakhomo pa a Makhwira. Agogo atamwalira m'nyengo ya dzinja, bokosi anakhoma okha ndi matabwa a lole yakale, ndipo anayenda patsogolo pa maliro ngati mwana wa m'nyumba. Kuyambira pamenepo ndinkawatchula kuti bambo. Pagalaja panali lamulo limodzi: mwini galimoto amalankhula ndi a Makhwira basi. Ndinamera ndevu, ndinakwatira agogo anu aakazi, amayi ako iwe Esinati anabadwa, lamulo lili lomwelo.

M'zaka za nkhondo ya kutsidya kwa malire, zinthu zinasowa. Mafuta a mabuleki ankapezeka ku Limbe kokha, mwa mwayi. Ndiye amakaniko a kuno tonse tinali ndi njira yathu. Tinkasungunula sopo wa ufa m'madzi, kusefa ndi kansalu, n'kuthira m'mabuleki. Musaseke, zinkagwira. Malole opita kunyanja ya Chilwa kukatenga nsomba ndi mpunga ankayenda nazo miyezi, chifukwa chigwa chathu n'chosalala ndipo lole yodzaza sithamanga. Koma ine ndinaonapo china. Tsiku lina tikutsika m'phiri ndi lole ya nkhuni, buleki inayamba kufewa, ndipo woyendetsa, nkhalamba ina yochokera ku Zomba, anaima msanga n'kundionetsa gudumu likutuluka nthunzi. "Madzi akatentha amawira," anatero. "Akawira, phazi lako limaponda mpweya." Mawu amenewo ndinabwera nawo kunyumba, monga mwa chizolowezi, n'kuwasunga.

Ajibu anali mwana wa Che Bwanali, Asilamu a sitolo yaikulu ya nsalu ndi shuga pamsika pathu. Tinali amsinkhu umodzi. Iye ankalankhula zokwanira anthu awiri, ndiye tinkagwirizana. Chilimwe chilichonse anthu a kumaesiteti ndi a m'tauni ankabwera ndi magalimoto awo kudzapikisana m'misewu yafumbi yozungulira phiri. Sankanyamuka onse pamodzi ayi. Ankawatulutsa imodziimodzi, wina atagwira wotchi, ndipo wopambana anali amene watenga nthawi yochepa. Mphoto yake inali kapu yachitsulo yosamweramo n'komwe. Ajibu ankaima pakhonde la sitolo, fumbi likugwera pansalu za bambo ake. "Achimwene," ankandiuza, "msewu ndi wathu, fumbi ndi lathu. Awa amangobwera kudzatiopsezera nkhuku. Ife sitingathe?"

Anapeza galimoto yaing'ono kuseri kwa nyumba ya kapitawo wina wa kuesiteti. Nthambi ya bulugamu inali itaphwanya denga, ndipo pampando wakumbuyo nkhuku inali itakhalira mazira. Tinaikoka ndi lole. Bambo ake anabwera kudzaiona kamodzi, atavala mkanjo wawo woyera, n'kuizungulira patali kuopa kuda. "Munthu wa banja, wa mwana m'manja, kumasewera ndi chiphakasa," anatero, n'kubwerera kusitolo.

Tinaigwira kuyambira mvula yoyamba mpaka nandolo atauma. Injini tinaitsitsa, n'kuimasula yonse pamphasa, chitsulo chilichonse n'kuchitsuka ndi palafini. Mavavu, tizitseko ta m'injini, ndinapera ndekha ndi manja, kupukusa kamtengo pakati pa zikhatho ngati munthu wopeka moto, masiku anayi. Mipando yakumbuyo tinachotsa kuti ipepuke. Pansi pa injini tinamangapo chitsulo chochokera kuthanki yamadzi kuti miyala isaboole. M'kati a Makhwira anawotcherera mapaipi ochirikiza denga. Denga lenilenilo tinaliwongola ndi jeke ndi mtanda wa mbawa, koma linatsala ndi mzere ngati chipsera. Ntchito imene ndinkaikonda inali ya kabuleta, chipangizo chopimira injini mafuta. Unkatembenuza kasikuluwu pang'ono kwambiri, n'kuima, n'kumvetsera. Injini imadandaula ikamamwa mafuta ambiri, imatsokomola ikamaperewera, ndipo pakati pake pali malo amodzi pamene imapuma ngati mwana wogona. Malo amenewo a Makhwira ankawapeza ndi mwayi. Ine ndinkawapeza nthawi zonse, ndipo iwo ankadziwa, ngakhale sananenepo.

Mkazi wa Ajibu, Asiyatu, ankabwera masana ndi tiyi ndi zitumbuwa, mwana kumbuyo. Galimotoyo ankaitchula kuti mkazi mnzake. "Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero? Mwamusambitsa? Ine sopo ndinapempha Lachiwiri."

"Uyu sayankha ndikamalankhula," ankatero Ajibu.

"N'chifukwa chake mumakondananso ndi a Lazaro."

Lazaro ndine, kwa inu amene mumaganiza kuti dzina langa ndi Agogo.

Pampikisano pamafunika munthu wachiwiri wokhala pambali, wogwira pepala n'kumauza woyendetsa za kutsogolo: apa pokhota kumanja, apa mlatho wopapatiza, apa mchenga. Tinauyenda msewuwo panjinga masiku awiri ine ndikulemba. Ajibu anaseka mpaka kutsika panjinga. "Ndakupezerani ntchito yolankhula, achimwene. Dziko lonse limva."

Mafuta a mabuleki anakagula yekha ku Limbe, botolo limodzi, n'kulipereka kwa a Makhwira ndi manja awiri ngati mankhwala. Theka tinathira m'galimoto. Theka lotsalalo linakhala pashelefu mpaka sabata yomaliza, pamene kunabwera mnzawo wa a Makhwira, mwini lole ya nsomba, akudandaula. Ndinawaona a Makhwira akutsitsa botolo lija n'kuthira mulole. Mwina ankati adzabweza. Botolo lopanda kanthu analibwezera pashelefu.

M'mawa wa tsiku la mpikisano ndinafika woyamba, ndipo ndinapeza dothi lanyowa pansi pa gudumu lakumbuyo. Paipi ya buleki inali itang'aluka, mafuta onse atatsikira pansi. A Makhwira atafika anawerama n'kuyang'ana. Paipi anaiwotcherera bwinobwino, ntchito yawo inali yaukhondo. Kenaka anatenga botolo lija n'kulowa nalo kuseri kwa galaja. Atabwerako linali lodzaza.

Ajibu anafika atavala chipewa cholimba chobwereka, chachikulu kuposa mutu wake. A Makhwira anamuuza kuti paipi inadontha koma yakonzedwa, kwatsala kuchotsa mpweya. Ntchito imeneyi ndi ya anthu atatu. Wina amathira pamwamba, wina amakhala pampando n'kumapopa buleki ndi phazi, wachitatu amagona pansi n'kumatsegula kanati ka pagudumu kuti mpweya utuluke. A Makhwira ankathira, ataimika boneti pakati pa iwo ndi Ajibu. Wogona pansi ndinali ine.

"Popani," ndinatero. "Gwirani pomwepo."

Ndinatsegula kanati. Chimene chinatuluka chinali choyera, cha thovu, ndipo chinatsikira m'dzanja langa mpaka m'chigongono. Fungo lake linali la zovala zochapa.

"Kuli bwanji kumanda kwanuko, a Lazaro?" anafunsa Ajibu ali pamwamba. "Zikutuluka?"

Kuchokera pansi pamenepo ndinkaona mapazi a a Makhwira okha, m'nkhwaira zawo za tayala. Mapaziwo anasiya kusuntha.

"Zikutuluka," ndinatero. "Popaninso."

Ndaganizira nthawi imeneyo kuposa china chilichonse pamoyo wanga. Ndikananena, a Makhwira akanachita manyazi pamaso pa mwana wa Che Bwanali, ndipo msika wonse ukanamva kuti anatenga mafuta a eni. Ajibu sakanapikisana chaka chimenecho. Basi, zikanathera pomwepo. Koma ndili pansi paja zinkaoneka zazikulu. Ndinadziuza kuti malole amayenda nawo miyezi. Ndinadziuza kuti ndimuuza tili m'njira, awiriwiri. Ndinapukuta dzanja m'dothi, n'kutuluka.

Tinanyamukira pabwalo la mpira, ife omaliza. M'chigwa galimoto inayenda monga sindinaonepo. Anthu anali ataima m'mbali mwa msewu, amayi ena akuvina ndi makasu m'manja, chifukwa aka kanali koyamba kuona nkhope zodziwika m'kati mwa fumbi lija. Ndinkawerenga pepala langa mokweza, Ajibu akuyankha kuti "Ndamva, abusa" pokhota paliponse. Buleki inkagwira. Tinadutsa galimoto ina itaima, mzungu wake akukankha, ndipo Ajibu anamuimbira hutala mwaulemu. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kenaka tinakwera mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi. Pamwamba pake msewu umayamba kutsika kutsidya, mokhotakhota, thanthwe mbali ina, phompho mbali ina. Apa ndi pamene ndinatsegula pakamwa.

"Potsikapa pang'onopang'ono," ndinatero.

"Mwayamba mantha?"

"Mabulekiwa musawadalire kwambiri."

"Mabuleki a bambo anu omwe? Ndikawauza."

Anaseka, ine n'kubwerera kupepala. Mwaona, ana inu, ndinalankhula, koma sindinanene. Ajibu ankadziwa galimoto. Akanamva liwu loti sopo, akanaima pomwepo.

Pokhota poyamba ndi pachiwiri zinayenda. Pachitatu ndinamva fungo la chitsulo chotentha. Tikuyandikira pachisanu, ndinaona phazi lake likutsika mpaka pansi popanda chokaniza. Anapopa kawiri, katatu.

"Buleki palibe, achimwene," anatero, ndi mawu wamba, ngati akunena kuti shuga watha.

Sanasokonezeke. Anatsitsa giya, injini n'kulira ngati ikung'ambika. Anakoka buleki yamanja, galimoto n'kuyamba kuterereka cham'mbali. Kutsogolo kunali pokhota pakuthwa. Phompho linali mbali yanga, thanthwe linali mbali yake. Ndinaona manja ake pachiwongolero, ndipo maso anga sanandinamizepo. Anapinda dala kumanja.

Ndinatsitsimuka m'chipatala. Asilamu sagoneka maliro, ndiye pamene ndinkadzuka n'kuti Ajibu ataikidwa kale. Tsiku lachitatu kunabwera wapolisi ndi kabuku kake. A Makhwira anali ataima kumiyendo kwa bedi, atanyamula kabasiketi ka nthochi, nkhope itagwa ngati ya munthu wokalamba zaka khumi m'masiku atatu. Wapolisi anandifunsa ngati galimoto inali ndi vuto. Mapaipi onse anali ataphwanyika pangozipo, panalibe choti wina aone.

"Sindikukumbuka, bwana," ndinatero.

"Ankathamanga kwambiri?"

"Unali mpikisano, bwana."

Analemba kuti liwiro. Mawu amenewo anatuluka m'chipatala ine ndisanatuluke, ndipo anafika pamsika, kumzikiti, kutchalitchi. Amayi ankalangira ana awo dzina la Ajibu. Che Bwanali anachotsa chithunzi chake m'sitolo. Asiyatu atamaliza masiku ake aumasiye okhala m'nyumba anabwerera kwawo kwa Nazombe ndi mwana.

Ndinabwerera kugalaja ndi ndodo. Ine ndi a Makhwira tinagwira ntchito limodzi zaka zambiri pambuyo pake, ndipo nkhaniyo sitinaitchulepo ngakhale kamodzi. Chimene chinasintha n'chakuti sopo sanalowenso m'buleki pagalaja pathu. Munthu akabwera wopanda mafuta, iwo ankamubweza, ndipo anthu ankati akalamba, ayamba matama. Atadwala ndinkawasambitsa ndine. Ndinkayembekeza kuti tsiku lina anena, kuti mwina andimasula. Mawu awo omaliza kwa ine anali ofunsa ngati uja anabwereka jeke anabweza.

Mungaganize kuti atamwalira ndinanyamuka tsiku lomwelo. Ayi. Ndinapeza zifukwa zina. Che Bwanali anali atamwalira kale, ndinati ndikauza ndani. Ndinati ndikangotsegula chilonda cha eni. Munthu akakhala chete nthawi yaitali, kukhala cheteko kumasanduka nyumba yake.

Ndinapita chilimwe chathachi, tsiku lija ndinakuuzani kuti ndikukaona munthu wa mbewu ya mpendadzuwa. Asiyatu ndinawapeza pabwalo akusola nandolo m'lichero, tsitsi la m'mutu lonse loyera pansi pa mpango. Anandizindikira ndi kayendedwe.

"A Lazaro. Mukadali moyo? Ndimayesa munangosiya kupuma osauza munthu."

Anandipatsa mpando. Ndinanena zonse monga ndalembera apa, kuyambira botolo la pashelefu mpaka thanthwe. Manja awo sanaleke kusola. Nditamaliza anandifunsa.

"Ndiye kuti anapinda dala?"

"Dala, mayi."

"Kuti thanthwe ligunde mbali yake."

"Eya."

"Zimenezo ndiye zake," anatero. Anapeta lichero kamodzi, n'kuliika pansi. "Ine sindinakhulupirirepo kuti analephera kuyendetsa. Ndinkangosowa wonditsimikizira. Mwana wake anakula akumva kuti bambo ake anali chitsiru, mpaka anapita ku Joni, ndipo dzina la bambo ake sagwiritsa ntchito. Koma ine si amene munkayenera kundiuza. Apongozi anga anafa osatchulanso dzina la mwana wawo. Inu munkadutsa pasitolo paja tsiku lililonse."

"Ndinkadutsa."

"Ndipo mwezi ukatha ankakuitanani, n'kukupatsani paketi ya shuga, n'kukupepesani kuti mwana wawo wosamva anakupundulani. Ndinamva ndili konkuno. Munkalandira?"

Ndinkalandira, ana inu. Ndi manja awiri, n'kuthokoza. Amayi anu anakula ndi phala la shuga ameneyo. Ndinawayankha Asiyatu kuti eya.

Sanatukwane, ndipo sanalire. Anayang'ana kumene kunali dzuwa, kenaka mwendo wanga.

"Kwanu n'kutali," anatero, "ndipo inu simuyenda msanga. Nyamukani kudakali kowala."